Poto Wokulunga m'Nsalu: Zolemba za ku Quito ndi ku Otavalo

Lachisanu, 27 Okotobala. Quito

Mzinda uno, likulu la dziko la Ecuador, uli pamwamba kwambiri, mamita 2,850 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo thupi silichedwa kudziwa. Kungokwera masitepe opita kuchipinda chogona, ndili wefuwefu, mtima ukugunda. Mnzanga amene ndabwera naye, yemwe timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba ku London, anandiuziratu kuti masiku oyamba ndiziyenda pang'onopang'ono ndi kumwa madzi ambiri. Amayi ake anawonjezerapo mankhwala awoawo, msuzi wotentha.

Msuziwo ndi locro de papa. Ndinaima pambali pawo akuphika. Anayamba ndi kukazinga anyezi woyera wa masamba aatali m'mafuta amene anafiiritsa ndi njere za achiote, kenako anathiramo mbatatesi ya mtundu wa chola, yofiirira kunja koma yachikasu m'kati. Ina anaidula ting'onoting'ono kuti isungunuke n'kulimbitsa msuzi, ina anaisiya zibenthu zikuluzikulu kuti supuni izipeza chogwira. Pomaliza anathira mkaka ndi tchizi chofewa chophwanya ndi zala, m'mbale n'kuikamo chibenthu cha peyala. "Idya, mijita, kuzizira kwa kuno sikufuna munthu wa m'mimba mopanda kanthu." Akunditcha mijita kuyambira pabwalo la ndege, chimodzimodzi mwana wawo wobereka.

Chakumadzulo tinatsikira ku mzinda wakale, umene UNESCO inaulemba mu 1978 pa mndandanda wake woyamba wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse. Alendo amathamangira matchalitchi okutidwa ndi golide, ndipo ndi okongoladi. Ine chimene chinandiimitsa ndi chipilala cha wansembe Jodoco Ricke pa bwalo la San Francisco. Ndiye anadzala tirigu woyamba mu mzinda uno m'zaka za m'ma 1530, anthu a ku Spain atangofika kumene. Tirigu asanabwere anthu a m'mapiri ano ankadya chimanga, mbatatesi, nyemba, maungu ndi quinua, ndipo ukayang'ana zimene amayi akugulitsa m'mbali mwa msewu uona kuti zakalezo sizinachoke m'mbale.

Usiku foni ya mnzanga sinapume. Anzake a kusekondale amva kuti wafika, ndiye agwirizana kuti Lamulungu tikakhale ku paki. Pa gulu lawo la WhatsApp nkhani inali imodzi yokha, ndani abweretsa chiyani. Wina akuti mote (chimanga chowiritsa), wina ají (msuzi wa tsabola), wina akuti apongozi ake apanga quimbolitos (timakeke ta nthunzi). Palibe anatchula lesitilanti ngakhale sitolo. Ife atipatsa fritada (nyama ya nkhumba yokazinga) ndi llapingachos (zitumbuwa za mbatatesi), ati fritada ya amayi a nyumba ino amaikumbukira kuyambira ali pa yunifomu.

Loweruka, 28 Okotobala. Quito

Tinalawirira ku msika wa Santa Clara. Amayi sagula paliponse, ali ndi anthu awo. Wa mbatatesi atangowaona anafuula, "Caserita, mwasowatu! Fikani kuno, lero chola yanga ndi yabwino." Iwonso anamuyankha kuti caserita, dzina limene wogula ndi wogulitsa ozolowerana amaitanirana, anafunsana za ana ndi za mwendo umene ukuvuta, kenako kugula kunayamba. Pomaliza wogulitsa anaponyamo basela, amene kuno amati yapa, mbatatesi zodzaza manja awiri.

Ndalama ya kuno ndi dola ya America. Tikudikira tchenji amayi anandifotokozera mmene zinakhalira, chifukwa nkhaniyi ndi imene inabalalitsa banja lawo. Mu 1999 mabanki anagwa, boma linatsekera ndalama za anthu m'maakaunti, ndipo mu 2000 dziko linasiya ndalama yake ya sucre, ma sucre 25,000 n'kumasinthidwa ndi dola imodzi. Zimene malemu bambo anasunga moyo wawo wonse zinatuluka zitatheratu mphamvu. Mwana wawo woyamba ananyamuka kupita ku Madrid, mnzangayu anamutsatira, ndipo ntchito zitasowa ku Spain chitatha chaka cha 2008 ndi pamene anawolokera ku London. Anthu zikwi mazanamazana anachoka m'dziko muno zaka zimenezo. Ambiri mwa amene tidye nawo mawa ali ndi mlongo kapena mchimwene kunja.

Tinagula nyama ya nkhumba ya nthiti ndi ya mwendo, nthochi zophika zakupsa mpaka khungu kuda, tchizi, mtedza, ndi chimanga chouma cha maso aakulu chokazinga. Ndinaimanso kwa mayi wina wa chochos, amene anali atadzaza beseni, oyera mbee, akuyandama m'madzi. Ndi mbewu ya mtundu wa nyemba, ndipo ikangochoka m'munda ndi yowawa moti singadyeke. Amaiviika, amaiwiritsa, kenako amaisiya m'madzi oyenda kapena kumaisinthira madzi kwa masiku angapo mpaka kuwawa kutatha. Ikauma, gawo loposa 40 pa 100 lililonse ndi zomanga thupi. Ana asukulu amaigula m'timapepala yothira mchere ndi ndimu, ndipo ndinaganiza kuti dziko limene ana ake amatolatola zoterezi pa nthawi yopuma lili ndi mwayi waukulu.

Masana onse tinathera m'khitchini. Nyama tinaipaka adyo wosinja, comino, mchere ndi madzi a lalanje, n'kuisiya kuti igone. Mbatatesi tinawiritsa, ndipo zinatenga nthawi, chifukwa pa mtunda wa Quito madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pafupifupi madigiri 90 basi. N'chifukwa chake nyumba iliyonse ili ndi poto wotseka ndi mpweya, ndipo masana umamva mapotowo akulira m'nyumba za maneba. Titaphwanya mbatatesizo ndi anyezi wa achiote, amayi anandionetsa kaumbidwe ka llapingachos: kutapa yodzaza dzanja, kuboola pakati ndi chala chachikulu, kuikamo tchizi, kutseka, n'kupsinja pang'ono pakati pa zikhatho. Amati zigone usiku wonse kuti zisaphwanyike pa chiwaya.

Ndinene poyera kuti ntchito yonseyi ili m'manja mwa amayi, makamaka achikulire. Mchimwene wa mnzanga anasenda nawo mbatatesi, koma amene akudziwa kuti mchere wakwana ndi mayi wa zaka zoposa 70 amene anaimirira tsiku lonse. Mnzanga anakhala ndi kope akulemba chilichonse. Akuti akuopa kuti tsiku lina adzafuna kufunsa koma wofunsidwa kulibe.

Lamulungu, 29 Okotobala. Paki ya Metropolitano

Kunja kukadali mdima paila inali kale pamoto. Ndi chiwaya chachikulu cha mkuwa chimene amayi anasiyiridwa ndi amayi awo. Fritada sathira mafuta. Nyama imalowa ndi madzi, anyezi ndi adyo, n'kuwira mpaka madzi onse atauma. Amayi sankayang'ana m'chiwayamo, ankamvetsera. Poyamba munkamveka kubwata, kenako phokoso linasintha n'kukhala kuthetheka, ndipo apo ndi pamene ananyamuka ndi chipande chachitali, chifukwa tsopano nyama inayamba kukazingika m'mafuta ake omwe. Anaitembenuza mpaka inafiira mbali zonse, anaponyamo nthochi, ndipo zotsalira zakuda za pansi, zimene amati mapahuira, anazikokota n'kukazingiramo chimanga. Poto aliyense anamukulunga m'nyuzipepala, kenako m'nsalu yapatebulo, n'kumanga mfundo pamwamba. Titafika ku paki chakudya chinali chikadali chotentha.

Paki ya Metropolitano Guangüiltagua ili pa chitunda cha kum'mawa kwa mzinda, nkhalango ya bulugama ya mahekitala oposa 500. M'mawa kunali koyera, moti titafika kumapeto kwa chitunda tinaona chigwa cha Cumbayá pansi pathu, ndipo chakummwera phiri la Cotopaxi, la mamita 5,897, chipale chili mbuu pamwamba. Dzuwa la kuno limawotcha ngakhale mphepo ikuzizira, aliyense anali ndi chipewa. Mabanja anali atamwazikana pa udzu paliponse, ena akuwotcha nyama m'malo amene anakonzeratu, ena akukondwerera tsiku lobadwa la mwana.

Anzathu ankafika mmodzimmodzi, aliyense atanyamula mfundo yake. "Ñaña!" kutanthauza mchemwali. Kukumbatirana, misozi, kugwirana nkhope. Nsalu anaziyala molumikiza mpaka zinakhala imodzi yaitali, ndipo mapoto anaikidwa pakati. Chimene ndinaona msanga n'chakuti palibe amadzigawira yekha za mu poto wake. Wophika amanyamuka ndi chipande n'kuzungulira, kuyambira kwa achikulire, kuika m'mbale ya aliyense, ndipo iye amadya zimene ena amuikira. Mbale yanga inadzaza ndisanatambasule dzanja.

Munali mote, chimanga choyera chimene amachiwiritsa ndi phulusa kapena laimu kuti gaga achoke, kenako n'kuchiphika maola ambiri mpaka maso ataphulika n'kufewa. Munali fritada yathu, llapingachos zothira msuzi wa nsinjiro, peyala, ndi cevichochos, amene ndi chochos osakaniza ndi tomato, anyezi wofiira, ndimu ndi masamba a culantro, pamwamba atawaza chimanga chokazinga ndi tchipisi cha nthochi. Za ají panabuka mkangano weniweni, chifukwa anabwera mabotolo atatu a m'nyumba zitatu. Onse amayamba ndi tsabola ndi chipatso chowawasa chotchedwa tomate de árbol, koma wina amawiritsa chipatsocho, wina amachipera chachiwisi, wina amathiramo chochos. Anandiuza kuti ndilawe ndiweruze. Ndinasankha wa chochos, ndipo mwini wake anandilonjeza botolo lopita nalo ku London.

Chimene sindidzaiwala ndi tonga. Anabweretsa ndi mkazi wa mmodzi mwa anzawo, wochokera ku Manabí, m'mphepete mwa nyanja. Anatulutsa m'dengu mitolo ya masamba a nthochi yomanga ndi luzi, ndipo pomasula panatuluka nthunzi ndi fungo la tsamba lowauka. M'kati munali mpunga, nyama ya nkhuku yachikuda, nthochi yokazinga, zonse zitamira mu msuzi wa mtedza. Anati uyu ndi kamba wa alimi a kwawo, amene akazi ankamangira amuna awo popita kumunda kapena kukatema m'nkhalango, ndipo tsambalo ndi mbale, ndi chivundikiro, ndiponso limakometsa. Ankalankhula za Manabí monyadira. Mzinda wawo wa Portoviejo unaphwasuka ndi chivomezi cha pa 16 Epulo 2016, ndipo patangotha zaka zitatu, mu 2019, UNESCO inauzindikira chifukwa cha luso lake la zophikaphika. Iye akuti m'masiku a chivomeziwo anthu anapulumuka ndi mapoto a pamsewu, mmene aliyense ankaponyamo chimene chatsala m'nyumba.

Titakhuta amuna anapita ku ecuavoley, mpira wa manja wa kuno, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, ukonde uli pamwamba kwambiri ndipo mpira wake ndi wolemera, wa miyendo. Ena anayamba makadi a cuarenta, akumenyetsa khadi pansi ndi kufuula. Mowa unali ndi tambula imodzi yokha. Wothira amathirira mnzake, akamwa amabweza, iye n'kuthirira wotsatira, choncho mpaka onse.

Ndinakhala pambali ndi mnzanga, ndipo anandiuza zimene sanandiuzepo zaka zonse tagwira ntchito limodzi. Ali ku Madrid ankagona m'nyumba za mabwana kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, wosalankhula ndi munthu wa kwawo. Lamulungu ankakwera sitima kupita ku paki ya Casa de Campo, kumene anthu a ku Ecuador ankasonkhana mazanamazana ndi mapoto awo, maukonde a ecuavoley ndi wayilesi. Kumeneko ndi kumene ankamva za ntchito, za chipinda chotchipa, za amene akupita kumudzi woti n'kumupatsira katundu. Anati mbale ya mote ya Lamulungu ndi imene inkamupatsa mphamvu zobwerera kukagwira sabata ina. Ndinamvetsa chifukwa chake kuntchito kwathu sadya yekha, nthawi zonse amabwera ndi kontena ya anthu awiri.

Cha m'ma 3 koloko mitambo inatsika kuchokera ku phiri la Pichincha ndipo kunagwa mvula ya matalala. Tinathawira pansi pa kadenga, ndipo pomwepo amayi anayamba kugawa zotsala. Palibe anabwerera ndi chakudya chake. Ife tinabwera ndi fritada, tinabwerera ndi mote, ma tonga awiri ndi quimbolitos, timakeke tofewa ta nthunzi tokulunga m'masamba a achira.

Lolemba, 30 Okotobala. Quito

Tsiku lopuma. M'mawa tinadya mote wa dzulo wokazinga ndi mazira. Masana tinakwera TelefériQo, ngolo zoyenda pa chingwe zimene zimakafika pa Cruz Loma, pafupifupi mamita 4,000, ndipo mzinda wonse unaoneka wautali ndi wopyapyala pakati pa mapiri. Potsika tinadya almuerzo pa kanyumba kena, msuzi, mpunga ndi nyama, ndi juwisi wa naranjilla, madola atatu. M'mabekare onse mwadzaza buledi woumbidwa ngati makanda, nkhope zojambula ndi shuga wa mitundumitundu. Tsiku la akufa layandikira. Mawa tinyamuka kupita kwa comadre wa amayi, kufupi ndi Otavalo. Amayi ndi amene anaimirira mwana wa kumeneko pa ubatizo, ndipo chaka chilichonse amakakhala nawo masiku ano.

Lachiwiri, 31 Okotobala. Panjira

Msewu wa Panamericana umatsetsereka kulowa m'chigwa chotentha ndi chouma cha Guayllabamba, kumene amagulitsa mapeyala ndi chirimoya m'mbali mwa msewu, kenako umakweranso pakati pa mashedi a pulasitiki osatha, mmene amalimamo maluwa a rozi otumiza kunja. Tinaima ku Cayambe, pansi pa phiri la dzina lomwelo, kugula bizcochos. Ndi mabisiketi aataliatali a batala ophika mu uvuni wa nkhuni, ndipo amadyera tchizi chokulunga m'tsamba ndi chokoleti chotentha. Tinagula matumba awiri, lina lathu lina la kumene tikupita, chifukwa amayi akuti munthu safika pakhomo pa comadre chimanjamanja. M'buti munali kale mpunga, shuga, mafuta ndi mkoko wa nthochi.

Mudziwo uli m'mbali mwa phiri la Imbabura, moyang'ana nyanja ya San Pablo. Anthu ake ndi a Kichwa, ndipo phirilo amalitcha Taita Imbabura, bambo wawo. Comadre anatuluka atavala bulauzi yoyera yopeta maluwa, nsalu yakuda yokulunga m'chiuno ndi mikanda yagolide yodzaza khosi. "Alli chishi, comadre, lowani, mwatopa." Usiku anatiphera mbira, zimene kuno amati cuy ndipo amaweta pafupi ndi khitchini. Sapha tsiku wamba, amaphera mlendo wolemekezeka kapena pa chikondwerero. Anaziwotcha pa makala atazibaya ndi ndodo, khungu linauma n'kumaphwanyika pakamwa, ndipo tinadyera mbatatesi ndi msuzi wa mtedza titazungulira mafuwa.

Lachitatu, 1 Novembala. M'mbali mwa Imbabura

Uvuni wa dothi anausonkhezera tambala asanalire. Banja lonse lafika, a ku Quito, a ku Ibarra, ngakhale mnyamata amene amagulitsa zoluka ku Colombia. Onse anazungulira tebulo akuumba buledi, makanda a atsikana, akavalo a anyamata, nkhunda, ndi wozungulira wa bowo pakati. Kuno sapaka shuga wa mitundu ngati m'mabekare a mu mzinda, maso amaika ndi mtanda womwewo wodetsa ndi mwaye. Buledi anadzaza madengu, chifukwa mawa ambiri apita kwa anthu ena.

Ine anandiika kwa colada morada. Amayi ananyamula zonse kuchokera ku Quito. Ufa wa chimanga chakuda unali utaviikidwa kale m'madzi. Mu poto wina tinawiritsa sinamoni, clavo, masamba a lalanje, hierbaluisa, cedrón, arrayán, ndi ngala ya bonongwe wofiira amene amati ataco. Mu poto wachitatu munali mabulosi ndi mortiño, tizipatso takuda ta m'tchire timene sitilimidwa. Timamera tokha m'mapiri ozizira opanda mitengo, ndipo timapsa nyengo yomwe ino. Zonse tinasefa, tinaphatikiza, tinathira panela, shuga wa nzimbe wosayenga, ndipo ndinatakasa osaleka kuti ufa usagwire pansi. Mkono utalema mwana wa comadre ankandilandira. Chinanazi, babaco ndi sitiroberi zodula zinalowa pomaliza.

Mwa zonunkhiritsa zija munali kanthu kolimba, kakuda, kooneka ngati kachipewa. Ndi ishpingo, kochokera ku mtengo wa m'nkhalango za Amazon, kum'mawa kwa mapiri ano. Fungo la mtengo umenewu ndi limene linakopa Gonzalo Pizarro kunyamuka ku Quito mu 1541 kukafuna dziko la sinamoni, atatenga amwenye a kuno zikwi zingapo ngati onyamula katundu, ndipo ambiri a iwo anafera m'njira. Mnzake Francisco de Orellana anapatukana naye n'kutsata mtsinje mpaka anakatulukira ku nyanja ya Atlantic mu 1542. Lero amayi amagula ishpingo pa msika ndi timakobidi, n'kuponya tiwiri mu poto.

Comadre anaphika chawo chakumwa, champús, phala lamadzimadzi la ufa wa chimanga choyera wosasitsa, lothira mote ndi masamba a lalanje. Akuti colada morada ndi yabwino, koma akufa a m'nyumba muno anazolowera champús.

Lachinayi, 2 Novembala. Otavalo

Sindinaonepo manda odzaza anthu amoyo chotere. Pofika 8 koloko msewu wopita ku manda a anthu a Kichwa unali utatsekeka ndi ogulitsa maluwa, nkhata za mapepala, zipatso ndi buledi. Amayi ambiri ankalowa atabereka mitolo kumsana, mapoto ali m'manja. M'kati munalibe popondapo. Banja lililonse linakhala mozungulira manda a wakwawo, ena pamwamba penipeni pa mtumbira, anachotsa udzu, anapaka mtanda penti, kenako anayala nsalu.

Comadre anamasula mfundo pa manda a amuna awo. Anatulutsa zimene malemuwo ankakonda: mbatatesi, nyemba, mote, mazira owiritsa, nyama ya nkhuku, nthochi ndi champús. Mbale yoyamba anaiika pafupi ndi mtanda. Anayamba kulankhula nawo m'Chikichwa, mawu apansipansi, ndipo mwana wawo anandinong'oneza kuti akuwauza za chaka chino, kuti ng'ombe inabereka, denga lakonzedwa, mdzukulu wayamba sukulu. Kenako tinadya.

Kudyako sikunali kwa banja lokha. Mbale zinkayenda kuchoka pa manda awa kupita pa ena. Mtsikana amabwera ndi mbale ya mbatatesi kuchokera kwa azakhali ake, comadre amalandira, amakhuthula mu poto wawo, amaikamo buledi ndi nthochi, mbale n'kubwerera. Sibwerera yopanda kanthu. Pakati pa anthu pankadutsa opemphera, ambiri okalamba ndi osauka. Mmodzi anagwada pafupi nafe, anafunsa maina a akufa, anawapempherera mmodzimmodzi, ndipo anapatsidwa buledi ndi zipatso zimene anaika m'thumba lake. Pofika masana thumbalo linali lolemera. Anandiuza kuti ngakhale masiku wamba, Lolemba ndi Lachinayi, anthu amabwera ndi chakudya kumanda kuno, kungoti lero ndi tsiku lalikulu.

Gogo wina amene sindimudziwa anandiyang'ana, anatambasula dzanja n'kundipatsa dzira ndi chimanga chokazinga chodzaza chikhatho. Mnzanga anali atandiuza kale kuti chakudya sakana, ukakhuta umalandira ndi manja awiri n'kusunga m'thumba. Ndinathokoza mmene amathokozera kuno, kuti Mulungu akubwezereni, mama. Ndinakumbukira mayi anga amene anagona ndili kunja, ndipo ndinalira pamenepo. Comadre sanandifunse kanthu. Anafunsa mnzanga dzina la mayi angawo, anaitana wopemphera uja, analitchula bwinobwino, n'kumulipira buledi wawo.

Lachisanu, 3 Novembala. Kumunda

Lero ndi holide m'dziko lonse, tsiku limene mzinda wa Cuenca unalengeza ufulu wake mu 1820, ndipo comadre anapezerapo mwayi poti abale onse alipo. Mvula yayamba, munda wa kumtunda sunadzalidwe. Anaitana minga, ntchito yothandizana yopanda malipiro, ndipo maneba anabwera ndi makasu awo. Ng'ombe ziwiri zinkatsogola ndi khasu lamtengo, ife tikutsatira m'mizere, phando lililonse chimanga ndi nyemba pamodzi kuti nyemba zidzayange pa phesi. M'malire anadzala chochos ndi quinua.

Dzuwa lili pamutu taita wina wachikulire anaitana kuti tisiye. Amayi anayala nsalu zazitali pa udzu m'mphepete mwa munda, ndipo mayi aliyense amene anabwera anamasula kamba wake n'kukhuthula pa nsalupo. Sanaike mapoto pakati ngati ku paki kuja. Anakhuthula zonse pamodzi, mote pa mbatatesi, nyemba zikuluzikulu za habas pa mote, kenako melloco, timbatata toterera tachikasu ndi tofiira, chimanga chokazinga, chochos, zidutswa za tchizi, mpaka panakhala mzere umodzi wautali wa chakudya. Iyi ndiyo pambamesa. Taita anavula chipewa, anapemphera, anathira pansi pang'ono chicha, chakumwa cha chimanga chosasitsa, kupatsa nthaka, ndipo tonse tinakhala mbali ziwiri n'kumadya ndi manja.

Ndinakumbukira chidyerano cha kwa agogo anga, pamene nyumba iliyonse inkatulutsa nsima ndi ndiwo zake kupita nazo pabwalo limodzi kuti wa ndiwo zochepa asagone ndi njala. Koma apa apitirira pamenepo, chifukwa zikasakanizidwa palibe angaloze kuti izi zachokera kwa uje. Ndinaona mayi wina wamasiye akukhuthula kambale kakang'ono ka habas, ndipo mnzake wa pambali pake anakhuthulapo msanga mote wake wambiri pamwamba. Ku paki Lamulungu wophika aliyense anatamandidwa ndi dzina, ndipo zinali zoyenera, chifukwa anagwira ntchito. Kuno dzina la wophika limabisika dala. Zonse ziwiri ndazikonda, koma ya lero ndi imene yandigwira mtima kwambiri, chifukwa mayi uja anadya mutu uli m'mwamba ngati wina aliyense.

Chicha inazungulira m'chikho chimodzi. Zotsala pa nsalu amayi anagawana m'timatumba, ndipo mayi wamasiye uja ananyamula zambiri kuposa zimene anabwera nazo. Tinabwerera m'mizere n'kumaliza munda wonse mvula isanagwe.

Mawa m'mamawa tidzera pa msika wa Loweruka wa Plaza de Ponchos, kenako tibwerera ku Quito. Comadre alongedza kale m'buti thumba la chimanga choyera, dengu la buledi ndi mbira ziwiri zowotcha. Amayi akuti chimangacho tikachiviike tikangofika, chifukwa Lamulungu mwana wa neba akubatizidwa ndipo mote atipatsa ife.